Mafoni m'lichero

Ndidadzuka tambala asanalire kachiwiri. Kudali chisanu cha mu Juni, amayi a kumpingo akuimba motsitsa, nkhuni zikufuka kuseri kwa nyumba ya mwana wanga ku Mchesi. Lidali tsiku loika mdzukulu wanga Tadala, uja ankagulitsa kaunjika kumsika wa Tsoka.

Za mmene adapitira sindinena. Ndingoti wina adamujambula ataterereka m'matope kumsika, chitenje chitamasuka, chithunzicho n'kuyenda m'mafoni tauni yonse. Anthu adaseka, osatopa. Mwana adasiya kupita kumsika, kenako adasiya kutuluka kuchipinda.

Dzuwa litakwera anthu adadzaza mpaka kumsewu: akumudzi amene adabwera pa lole, anzake a kumsika, ndi mabwana a bambo ake a ku Area 10, amene tidawapatsa mipando. Achinyamata adaima kumpanda, mitu ili pansi. Ine ndinkati akulira. Kuyandikira, zala zili pamafoni.

Itakwana nthawi yoona nkhope, ndidatenga lichero n'kuima nalo pakhomo. Yoyamba kulowamo idali foni ya Tadala.

"Wofuna kuona mdzukulu wanga asiye foni muno."

Mkulu wa mpingo adandinong'oneza kuti, "Agogo, anthu akhumudwa."

"Akhumudwe. Nkhope iyi yayenda mokwanira."

Mnyamata wina wa jekete adati yake njodula, singasakanizike ndi zinzake. Ndidamulozera msewu. Adaika. Bwana mmodzi adaika ziwiri. Lichero lidalemera. Anthu adalowa mmodzimmodzi, kukamuona ndi maso okha.

Mtsikana wina potuluka adagwada pamapazi panga. "Nanenso ndidatumizako, agogo." Ndidamudzutsa n'kumupatsa nkhata ya maluwa kuti anyamule.

Tidatsata galimoto ya maliro pang'onopang'ono, mphepo ikutithira fumbi. Lichero lidatsala kunyumba, mchemwali wanga akulilondera. Kumanda aliyense adaimba, ndi wa jekete yemwe, poti manja ndi maso zidalibe kwina kopita.

Chakumadzulo anthu adatenga mafoni awo n'kumwazikana. M'lichero mudatsala imodzi, ya Tadala ija, ikungoyaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima. Mwana wanga adaitola.

"Ndikuwerengereni, amayi? Akupepesa."

"Mwini wake alipo? Zimitsa."

Adazimitsa. M'nyumba mudati zii, tidangomva mphepo pamalata.