Tsiku Limene Mlamba Unaima pa Masamba

Ndikati ndikumbukire agogo anga a Zuze, chimene chimayamba kubwera ndi fungo, nkhope yawo pambuyo. Ndimamva fungo la petulo wa m'beseni momwe ankatsukira zitsulo, la girizi wakuda amene anakhazikika m'zikhadabo zawo moti ngakhale Lamulungu atavala jekete dzanja lawo linkanunkhabe galaja, ndi la utsi wowawa wa chitsulo chikamawotchereredwa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu ku Chigumula. Kenako m'makutu mumabwera kulira kwa sipanala ikagwa pa mwala, ndi agogo akutukwana m'Chisena chapansipansi kuti agogo aakazi asamve.

Anachokera ku Nsanje ali mnyamata. Moyo wawo wonse anagwira ntchito kwa mmwenye wina wa sitolo yaikulu ku Limbe, kusamalira malole ake. Ana a mmwenyeyo ankakonda mpikisano wa galimoto. Unali mpikisano wa anthu ongokonda galimoto, osati akatswiri: azungu a m'minda ya tiyi, amwenye a m'masitolo, aliyense ndi galimoto yake, kuthamanga m'misewu ya fumbi kuchokera m'tauni kukazungulira ku Thyolo n'kubwerera. Wokonza galimoto za anawo anali agogo. Tsiku la mpikisano iwo ankaima kumapeto, chisanza chili paphewa, kudikira.

"Galimoto zanga zimathamanga," ankatero. "Ine ndimangoima."

Agogo atapuma pa ntchito, bwana wawo anawapatsa galimoto yakufa imene inagona zaka kuseri kwa sitolo. Inafika kwathu ikukokedwa ndi lole, matayala ataphwa, makoswe atamanga m'mipando. Inali yayitali, yakuda, yapakamwa papakulu. Agogo anaizungulira, naimenya paboneti.

"Uwu ndi Mlamba," anatero. "Mlamba suufa msanga."

Agogo aakazi, a Fanita, anasangalala poyamba. Anaona kabichi wawo akupita ku msika wa Limbe osasenza, anaona odwala a m'dera lathu akufika kuchipatala. Atamva kuti amuna awo akufuna kulowa mpikisano, anaika lichero pansi.

"Bambo a Mariya, maso anuwo ayamba kale kuyera. Mukufuna mukafere mumtengo wa bulugamu?"

"N'chifukwa chake ndikufuna chaka chino, amake Mariya. Chaka chamawa msewu sindiuonanso."

Anakhala osalankhulana mpaka chimanga chinauma m'munda. Kenako tsiku lina agogo aakazi anati, "Kamodzi. Mumalize, musamalize, kamodzi basi. Ndipo ine sindidzapita kukaonera zamisalazo."

Mariya ndi mayi anga. Iwo ankagwira ntchito m'tauni, ine ndinkakhala ndi agogo, ndili Sitandade 4. Ntchito yonse ndinaiona ndi maso angawa.

Agogo anayamba ndi injini. Anaitulutsa ndi tcheni chomangirira kunthambi ya mango, naimasula yonse, chitsulo chilichonse pa thumba lake, m'ndandanda momwe chinatulukira, ndipo nkhuku ikayandikira inkalandira nsapato. Loweruka lililonse kunkabwera Haruni, mwana wotsiriza wa bwana uja, mnyamata wamtali, woseka msanga, wolankhula Chinyanja cha pa Limbe kuposa ife. Akulu ake anali ndi galimoto zawo zabwino. Iye anasankha kukhala pambali pa agogo, kuwawerengera njira, chifukwa lamulo linkafuna anthu awiri m'galimoto. Ankabweretsa mapulagi, nsapato za mabuleki, ndi masamusa m'pepala lonona.

Injini itabwerera, inayamba ntchito imene agogo ankaikonda kwambiri, yochotsa katundu. Ankagwira chinthu n'kuchiyeza m'manja.

"Ichi chimathamangitsa galimoto?"

"Ayi, agogo."

"Chituluke."

Mpando wakumbuyo unatuluka, unakakhala pakhonde, ndipo agogo aakazi, ngakhale anali okwiya, ndi amene ankakhalapo posankha nyemba. Makapeti anatuluka. Zikuto za m'kati mwa zitseko zinatuluka. Mabampa anatuluka. Ekizozi anaidula pakati. M'malo mwake munalowa mapaipi a madzi owotcherera, opingasa ngati khola, oti galimoto ikagubuduzika denga lisaphwanye mitu. Pansi pa injini anamangapo chitsulo chophwatalala choteteza ku miyala. Thanki itayamba kudontha anaimata ndi sopo wochapira, ndipo sinadonthenso.

Kenako tsiku lina anatulutsa sitata, chitsulo cholizira injini chija, naiyeza m'manja.

"Madala, sitata ayi!" anakuwa Haruni. "Ikatizimira pakati pa tchire titani?"

"Nyamula umve."

"Ndamva, ndi yolemera. Koma ikazima?"

"Galimoto yanga siizima yokha, mwanawe. Imazima ndikaiuza."

"Mukaiuza ndiye tikankhe ndani? Ine ndi mapepala angawa?"

"Miyendo yaitaliyo anakupatsira chiyani Mulungu?"

Sitata inakalowa pansi pa bedi. Kuyambira pamenepo Mlamba unkagona pamtunda, utayang'ana kumunsi, mwala uli kutayala.

Tsiku loyamba kuliza sindidzaliiwala. Anthu anadzaza pabwalo. Ndinachotsa mwala ndine. Amuna anakankha, galimoto inatsetsereka mwakachetechete, agogo anasiya kalachi, inatsokomola, inatsokomolanso, kenako inabangula. Nkhuku zinauluka kudumpha nkhokwe, galu wa aneba anathawa osabwerako mpaka madzulo, utsi wabuluu unadzaza m'mango, ife ana tikulumpha n'kumakuwa osamva ngakhale mawu athu omwe. Agogo sanaseke. Anapendeketsa mutu, kumvetsera, n'kuti, "Pulagi imodzi ikunama." Anaisintha. Atalizanso, ndi pamene mano awo anaoneka.

Sabata ya mpikisano kunazizira kwambiri, ndipo agogo aakazi anagwidwa ndi chifuwa. Ankatsokomola mpaka kugwira khoma. M'mawa wa tsikulo agogo anaima pakhomo, chisoti cha Haruni chakale chili m'khwapa.

"Amake Mariya, ndisiye?"

"Pitani. Munandisokosera miyezi yonseyi kuti musiye lero?"

Njira ya mpikisano inkadutsa kumunsi kwa nyumba yathu. Msewu wa fumbi unkachoka pa tala wopita ku Thyolo, n'kutsika pa kamtsinje, n'kukweranso, ndipo pa kamtsinjepo ndi pomwe kanjira ka kwathu kankatulukira. Chigumula yense anasonkhana pamenepo. Ana tinathyola nthambi za mango ndi za bulugamu kuti tidzakupize Mlamba ukamadutsa, amayi enanso anathyola zawo, ndipo chifukwa palibe amene anaonapo mpikisano pafupi, tinaima m'mphepete mwenimweni mwa msewu, ena pakati.

Galimoto yoyamba tinaimva isanaoneke. Inatulukira pamtunda chammbali, yofiira, miyala ikuuluka ngati matalala, hutala ikulira. Anthu anabalalika. Wina anagwera m'madzi, wina anataya mwana wa mnzake n'kunyamula wake, ndipo nthambi zonse zinatayidwa mumsewu. Ine yanga sindinataye. Yachiwiri inadutsa pomwepo, n'kumwaza masamba aja msewu wonse, kuchokera mbali ino kukafika mbali inayo.

Kenako tinamva mawu amene tinkawadziwa.

"Mlamba! Mlamba!"

Unali wachitatu. Galimoto imene zipangizo zake zina zinatsala pansi pa bedi ndi pakhonde, ya mapaipi a madzi ndi sopo, inali patsogolo pa akulu ake a Haruni ndi azungu ambiri. Unatsika phiri lija fumbi lili kumbuyo ngati moto wa tchire, amayi akululutira, amuna akuponya zipewa m'mwamba, ine khosi litauma ndi kukuwa.

Ndiye mabuleki analira. Mlamba unaterereka, unakhota, n'kuima pa kamtsinje penipeni. Injini inazima.

Kwathu kuno masamba aawisi mumsewu ali ndi tanthauzo limodzi pamene pali khamu la anthu. Pali maliro. Wanjinga amatsika, wapansi amavula chipewa, wagalimoto amayenda pang'onopang'ono. Agogo, ndi maso awo oyera aja, anaona masamba pa kanjira ka kunyumba kwawo, anaona khamu, anamva amayi akukuwa. Ndipo m'mawa anasiya mkazi wawo akutsokomola. Galimoto yobangula chomwecho sakanaisiya ikulira pa maliro. Anaiuza kuti izime.

Anatuluka, navula chisoti. Chinyanja chinawathawa, chinatsala Chisena.

"Wafa mbani?"

Ankafunsa kuti wafa ndani, koma palibe anamvetsa kuti akufunsiranji za imfa. Galimoto ina inadutsa, n'kutikwirira ndi fumbi. Inanso inadutsa.

"Lazaro!" anandiitana. "Agogo ako ali kuti?"

Ndisanatsegule pakamwa, mapesi a m'munda wapafupi anagwedezeka. Anatuluka agogo aakazi, bulangete lili m'mapewa. Munthu amene analumbira kuti sadzaonera zamisala anali atabisala m'mapesi kuyambira m'mawa.

"Nkhabe!" anakuwa. "Palibe wafa! Ndine ndili panoyu! Mwaimiranji, nkhalamba yopusa inu? Anzanu akupita!"

Agogo anawayang'ana, anayang'ana masamba, anayang'ananso mkazi wawo.

"Nanga masambawa?"

"Ndi a ana awa! Kwerani!"

Haruni anali atatuluka kale, manja ali kumutu. "Madala, ndinanena! Sitata ili pansi pa bedi, ife tili m'dzenje! Kutsogolo mtunda, kumbuyo mtunda!"

Agogo aakazi anataya bulangete, namanga chitenje m'chiuno, n'kuika manja pabuti. "Inu amuna, mwabwera kudzaonera kapena? Kankhani!"

Chigumula yense anagwira galimoto. Opanda pogwira ankakankha misana ya anzawo. Ine ndinali pakati pa Haruni ndi agogo aakazi, nthambi yanga ndili nayobe kumano. Tinakwera mtunda uja tikubuula, fumbi m'kamwa, galimoto zina zikutilambalala.

"Liwiro! Onjezani liwiro!" agogo ankakuwa pazenera.

"Tsikani mudzakankhe nokha muone!" anayankha agogo aakazi.

Anasiya kalachi. Mlamba unagwedezeka, unatsokomola, n'kukhala chete. Anthu anati haa.

"Kachiwiri!" anatero agogo aakazi, akutsokomola iwonso. Mayi wina anayambitsa nyimbo yokokera mitengo, tonse tinavomera, mapazi anagwirizana. Galimoto inayamba kuyenda, kuyenda, kuthamanga, ndipo agogo atasiya kalachi inabangula n'kutisiya m'manja. Theka la anthu linagwa chafufumimba. Haruni anaithamangira ndi miyendo yake yaitali ija, nadziponya m'kati chitseko chili pululu, ndipo chomaliza kuona ife chinali nsapato zake zikulendewera kunja pamene Mlamba unkapitirira pamtunda.

Agogo aakazi anadzuka, nadzikuntha fumbi. "Lazaro, katenge nsapato zanga za kutchalitchi. Tikupita m'tauni."

Mpikisano unkathera pa bwalo lina kufupi ndi Sunnyside. Tinafika pa basi dzuwa litapendeka. Galimoto zinali zikufika imodziimodzi, zina zopanda galasi, zina zikukokedwa pa chingwe. Yathu kunalibe. Agogo aakazi anaima chilili pakati pa azungu ndi amwenye, dzanja lawo litafinya phewa langa mpaka kuwawa. Oyang'anira anayamba kuyang'ana mawotchi. Wina anayamba kupinda mipando.

Ndinamva ndine poyamba. Kutali, kumbali ya Limbe, ngati bingu la mvula yoyamba.

"Ndi iwo!"

Mlamba unalowa pabwalo uli wofiira ndi dothi la ku Thyolo, nyali imodzi italendewera pa waya, nthunzi ikutuluka m'boneti, koma ukuyenda ndi mphamvu zake. Mbendera yomalizira mpikisano inatsitsidwa. Agogo aakazi analulutira mpaka chifuwa chinawadula mawu, ndipo amakaniko onse amene anaima kumapeto ndi zisanza paphewa, anzawo a agogo a zaka zambiri, anathamangira galimoto n'kuwatulutsa m'manja.

Sanapambane. Anali kumapeto kwenikweni kwa amene anamaliza. Haruni anakhala pansi, natsamira tayala.

"Madala, tikanakhala achitatu."

"Ukanakhala iwe pa chiwongolero, ukanadutsa?"

Haruni anaganiza. "Ndikanaima. Ndinabadwira konkuno, masamba ndimawadziwa. Koma injini sindikanazimitsa."

Agogo anaseka, tsiku limenelo anaseka ndithu. Kenako anatembenukira kwa mkazi wawo.

"Ndamaliza, amake Mariya."

"Ndaona. Mawa mpando ubwerere. Muyambe ndi sitata."

Anachita zomwezo. Mlamba unanyamula kabichi, unanyamula amayi oyembekezera, unanyamula akwati. Maso a agogo atatseka, anandiphunzitsa kuyendetsa atakhala pambali, akumva ndi makutu giya iliyonse imene ndalakwitsa. Pamene masamba enieni anaikidwa pa kanjira kaja, pa maliro a agogo a Zuze, Haruni anabwera, mutu utayamba imvi, ndipo galimoto yake anaizimitsira kumtunda n'kutsika wapansi.

Ine sukulu ndinalekera ku pulayimale. Ndayendetsa malole mpaka kukalamba, ndipo sindinagundepo ngakhale mbuzi. Masiku ano anyamata a minibasi amadutsa pa masamba nyimbo zikulira, ndipo ndikachepetsa liwiro amandiimbira hutala kumbuyo n'kumati madala akugona. Aimbe. Ine pa masamba ndimachepetsa, chipewa ndimavula.

Kagalimoto kanga ka lero kali ndi sitata yabwino, sikanandikanepo. Komabe ndikafika kunyumba ku Chigumula ndimakaimika pamtunda, kutayang'ana kumunsi, mwala uli kutayala. Adzukulu anga amaseka. Ndimawauza kuti akachotse mwalawo aone.