Limba la Pakamwa la aJailosi

Ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino tsiku limene ndinapeza nsapato za Tadala zili ndi mafuta akuda a m'njanji, chonsecho sukulu yake siili mbali ya kusiteshoni. Nditamufunsa anangoyang'ana pansi, koma mlongo wake Chisomo anaulula: "Amakamvera anyamata oimba kusiteshoni, mayi. Ine amandisiya pageti ndekha." Madzulo mwanayo akusamba ndinamumva akung'ung'uza kanyimbo, basi ine fungo la fodya wa aJailosi m'mphuno, kuno ku Syokimau, kudziko la eni, kutali chonchi ndi kwathu ku Ndirande.

AJailosi tinayandikana nawo nyumba ndili mwana. Anali mkulu wowonda, wosakhazikika, ankasoka nsapato pakhonde utsi wa chingambwe uli tolotolo, phazi likugunda pansi, ndipo akatopa ankatulutsa limba la pakamwa n'kuliliza ngati sitima yakutali, mpaka ife otsuka mbale kuiwala mbale m'madzi. Paunyamata wawo anali kuki wa mzungu wa kutiyi ku Thyolo, amene anapita nawo ku Mangalande. Kumeneko Loweruka ankatsikira m'chipinda chapansi, modzaza utsi ndi thukuta, kukamvera mzungu wina wa mawu osasa, woimba pagitala nyimbo zachisoni za anthu akuda a ku Amereka, nthawi imene azungu anzake ankazinyoza.

"Munthu ameneyo," ankatero aJailosi, "anyamata othamangitsidwa kwawo ankagona m'khitchini mwake. Ankawapatsa tiyi, n'kuwapatsa mpata aimbe. Ena anatchuka kumposa, iye osadandaula."

Achimwene anga aYohane anaphunzira limbalo msanga. Mayi atawapeza nalo analiponya m'chimbudzi. AJailosi anabwera chipewa chili m'manja.

"Amake Yohane, mwanayu mukamuletsa pakhomo, akaimbira kumowa. Msiyeni azisokosa pamene mukumuona."

"Inu mwaimba moyo wonse, mwapata chiyani?" anayankha mayi. "Nsapato zonunkha za anthu?"

AJailosi anaseka pang'ono, n'kubwerera pakhonde pawo. Achimwene anayamba kugona ku mabala a ku Limbe, kenako anakwera lole ndi anzawo a bandi, akuti ku Joni. Mpaka lero sitidziwa ngati ali moyo.

Ndiye tsiku la nsapato lija, bambo a ana atabwera kuchokera ku Gigiri, kumene amayendetsa galimoto ya ofesi, ndinawauza za Tadala, iwo anangoti, "Mkwapule, asiya." Mawa lake ndinakwera bodaboda, kabaza wa kuno, mpaka kusiteshoni, Chiswahili changa chothyokathyoka. Ndinawapeza anyamatawo atakhala m'mphepete mwenimweni mwa njanji, gitala yong'aluka pamiyendo, Tadala wanga pakati pawo, sitima ikubwera. Ndinamugwira dzanja mwamphamvu mpaka analira. Anyamatawo anafuna kuthawa. Ndinawauza kuti kunyumba kuli chai, tiyi wa kuno, ndi mandazi, abwere ndi gitala yawoyo.

Amabweradi Loweruka masana. Sindiwakhulupirira kwenikweni, mmodzi maso ake ndi ofiira. Phokoso lake mayi a nyumba yoyandikana amagogoda khoma, bambo a ana amatuluka mokwiya, ine mutu umandiwawa. Koma ndimakoka mpando n'kukhala pakhomo penipeni, Chisomo pamiyendo, ndipo Tadala akafuna kutuluka, njira yake ndi pa ine.