Pensulo ya Yotamu

Yotamu amasamalira okalamba ku Bolton kuno, koma iye mwini ndiye wofunika womusamalira. Munthu wa imvi, ana atatu, sakhazikika ngati wakhalira linthumbu. Chomuvuta si viza ayi. Ndi Namondwe.

Tili anyamata ku Ndirande tinkadula zithunzi za ngwazi m'timabuku ta pakaunjika, aliyense n'kuipatsa yake dzina. Ya Yotamu inali Namondwe. Mnzathu Eston ndiye ankapeka nkhani: apa mdani wakutsekera njira, utani? Ukanena chochita, unkagubuduza pensulo yolembedwa manambala m'mbali zake zisanu ndi imodzi. Ikagwa 4 kapena kuposa, wapulumuka. Madayisi sitinkawakhudza, makolo ankati ndi juga.

Tsiku lomaliza Eston anasiya Namondwe akulendewera pamlatho ndi dzanja limodzi, nati timaliza mawa. Mawa lakelo anapita kusekondale yogonera komweko. Ife a Sitandade 7 tinatsala ndi mlatho wathu.

Chaka chatha Yotamu anamva kuti Eston ndi nesi ku Manchester. Basi, mtendere unatha. Foni m'basi, foni pa buleki. Eston akapuma Lachiwiri, Yotamu ali pa shifiti. Yotamu akasinthana ndi mnzake, rota ya ntchito ya ine yasintha. Miyezi isanu ndi iwiri!

Litapezeka Lamlungu lotikomera tonse, Yotamu anagula bokosi la masewerawo lachizungu, madayisi owala ngati maswiti, n'kuyala patebulo asanapite kukatenga Eston pasiteshoni. Pobwera anapeza tebulo lopukutidwa bwino.

"Mayi a Luntha, zinthu zanga zija?"

"Juga m'nyumba mwanga? Pa Sabata?" anatero akazi ake a Matilda. "Kafunseni bini ya panja."

"Alamu, si juga," ndinatero ine. "Juga amaseweratu anthu anzeru."

Yotamu anazungulira tebulo kawiri, thukuta kamukamu, sitima ya Eston yobwerera itatsala ndi ola limodzi. Kenaka anapisa m'thumba la yunifolomu, natulutsa pensulo yolembera mankhwala a agogo a kuntchito. Eston anaseka mpaka kutsokomola, n'kuilemba manambala ndi nsonga ya mpeni.

"Chabwino aise. Namondwe ali pamlatho, dzanja lamanja likuterereka..."

"Lamanzere."

"Lamanzere. Utani?"

"Ndidzikoka ndikwere."

"Gubuduza."

Pensulo inayenda, inagunda sosala, inaima. A Matilda, omwe ankati sakuonera, ndiwo anayamba kuwerama.

"Faifi," anatero. "Ndiye kuti chiyani? Wafa?"

"Wakwera," anayankha Eston.

Yotamu anakoka mpando, nakhala. Tiyi anamwa yense, ali chikhalire, mpaka ine ndinamugwira pamphumi kuona ngati watentha thupi.

"Zaka makumi atatu munthu ali lende," anatero a Matilda akutola makapu. "Ndiye wakwera n'kupita kuti?"

Eston anayang'ana wotchi, anayang'ana Yotamu, n'kuvula jekete.