Ndinabisira dokotala tambala wa pa chinkhoswe

Inu owerenga, ine ndinaphetsa mbalame zomwe ndinalembedwa ntchito kuti ndizizisamalira. Sindinazimenye, sindinazimane chakudya, ndipo amene ankandiona ndili pa ntchito angakuuzeni kuti ndinkazikonda kuposa mmene anthu ena amakondera ana awo. Ndinaziphetsa ndi bodza limene ndinamuuza dokotala wa zinyama tsiku lomwe anabwera kudzaziyeza. Ndikulemba izi mtima ukundiwawa, kuti wina asadzachite uchitsiru ngati wangawu.

Ndimagwira ntchito pa malo ena ogona alendo m'mbali mwa msewu waukulu, kufupi ndi pa boma la Ntcheu. Kuseri kwa malowa abwana anamangako makola a nyama zoti anthu azibwera kudzaona. Si zambiri ayi. Kuli afulu, ng'azi, ndi nsato imodzi yaulesi yomwe imatha sabata yonse osasuntha. Nthawi imeneyo kunalinso mbalame: apikoko, nkhanga, nkhwali, njiwa ndi akadzidzi awiri amene anthu akuluakulu ankawalambalala akuyang'ana kumbali. Nyumba yanga ili mkati mwa mpanda womwewo, moyandikana ndi kachipinda kosungiramo chakudya cha nyamazi.

Koma mwini bwalo anali nang'omba. Anamutola ndi alimi a mpunga ku Bwanje ali mwanapiye, moto wolusa utawotcha mtengo womwe munali chisa chake. Anafika wosaoneka bwino, chimutu chachikulu, nthenga zowerengeka, ndipo aliyense ankati ameneyu sachedwa kufa. Ndinamulera ndine. Ndinkamugwirira ziwala ndi abuluzi n'kumamuika kukamwa ndi dzanja. Atakula anada bii, pakhosi pofiira, n'kumayenda modzimva ngati bambo wochokera ku Joni atavala jekete ndi sikafu. Malemu bambo anga anagwirako ntchito ku migodi, ndipo ankayenda choncho pa Kandeu ngakhale m'thumba mutauma, ndiye nang'ombayo ndinamutcha Mtchona. Sankalola munthu wina kumugwira. Abwana omwe anawajompha pa dzanja tsiku lina, ine n'kumaseka chamumtima. Koma ine ndikamutulutsa m'khola lake ankanditsatira kulikonse, ndipo akapeza chigoba cha nkhono ankabwera nacho n'kudzandiikira pa jombo.

Pakapita miyezi ingapo kunkabwera dokotala wa zinyama wochokera ku Lilongwe, mayi wochepa thupi, wosakonda zoseka. Tsiku limeneli linkakhala la thukuta. Afulu tinkawaika m'ndowa n'kuwakweza pa sikelo, iye n'kumawafufuza nkhupakupa m'khwapa. Nsato tinkaigwira anthu atatu kuti aitsegule kukamwa aone ngati mulibe zilonda. Mbalame ankazigwira pa chidale kuti amve ngati zikuonda, kuziunika m'maso ndi kukhosi, kutenga timagazi m'phiko, ndi kutola zitosi m'timabotolo. Ankandiuza kuti mbalame ndi nyama zokwawa zimabisa matenda, chifukwa kutchire yooneka yofooka ndi imene imayamba kudyedwa. Mwini khola akamaona ndi maso kuti mbalame yadwala, ndiye kuti matenda afika kale patali. N'chifukwa chake ankaziyeza ngakhale zikuoneka zathanzi.

Lamulo lake lalikulu linali lakuti nkhuku kapena bakha wa kunja asalowe mu mpandamo, wamoyo kapena wakufa. Pa khomo anaikapo beseni la mankhwala loti tizipondamo. Ndipo asanatsegule chikwama chake, nthawi zonse ankayamba wandifunsa ngati mwalowa chachilendo chilichonse chichokereni iye. Kunena zoona, ine funsoli linkanditopetsa. Ndinkati amayi amenewa amakonda kuvutitsa anthu ndi za m'mabuku.

M'nyengo yotentha, mvula isanagwe, mwana wa achemwali anga anapeza banja. Ine monga malume ndinakakhala nkhoswe ya kuchikazi ku Kandeu. Mukudziwa mmene zimakhalira pa chinkhoswe: ife tinapereka msoti kwa akuchimuna, iwo n'kutipatsa tambala. Anali tambala wamkulu, wofiira, lipombo lili njo. Ndinamulandira ndi manja awiri nthungululu zikulira, n'kuvina naye mpaka fumbi koboo.

Mwambo utatha, ndinkafuna kumusiya tambalayo kwa achemwali. Iwo anakana. Anati kumudziko kwagwa chitopa, nkhuku za oyandikana nawo zikungofa ngati ntchentche, ndipo tambala wa pa chinkhoswe cha mwana wawo akafa msanga, akuchimuna adzatiyesa anthu osasamala. "Achimwene, mutengeni mupite naye kwanu kuli ukhondoko, akapulumuke," anatero. Ndinaganiza zongomupha tidye, koma achemwali anandiyang'ana ngati ndatukwana. Iwo amakhulupirira kuti nkhuku yotere imafunika kusungidwa, iberekane, kuti banja la anawo nalo liberekane. Lamulo la dokotala ndinkalikumbukira bwinobwino. Koma pawiripawiri sipauzirika, ndipo ine ndinasankha kusangalatsa achemwali anga. Ndinamumanga miyendo, kumuika m'katoni, n'kukwera naye minibasi.

Inu owerenga, taonani kupusa kwake. Ndinatenga nkhuku kumudzi komwe kuli chitopa, n'kupita nayo komwe kulibe, ndikuganiza kuti ndikuithawitsa matenda. Sizinandibwerere m'mutu kuti matendawo ndawanyamula ndekha m'katoni.

Nditafika ndinalowera ku kakhomo ka kuseri komwe kulibe beseni la mankhwala. Tambalayo ndinamuvundikira ndi dengu kuseri kwa kachipinda ka chakudya. Ndinkadziuza kuti angokhala pang'ono, ndikapeza mpata ndikamusiya kwa mnzanga wina pa boma. Mpatawo sunapezeke. M'mawa uliwonse ndinkayamba ndi iyeyo, kumupatsa madeya ndi madzi, kenako n'kupita ku makola ndi jombo zomwezo, chitini chotungira madzi chomwecho, manja omwewo osasamba. Ndi manja amenewo ndinkamudyetsa Mtchona. Tambala akalira mbandakucha, alonda ankayesa ndi wa kumudzi woyandikana nafe.

Sabata isanathe, abwana anandiuza kuti dokotala akubwera mawa lake. Chimene ndinkaopa sichinali matenda ayi, koma kuti tambala uja angalire dokotala ali pomwepo, ine n'kuyaluka.

Anafika dzuwa litakwera pang'ono. Anaponda m'beseni muja, kuvala magolovesi, n'kundifunsa funso lake la masiku onse. Ndinamuyang'ana m'maso n'kuyankha kuti palibe chachilendo chimene chalowa. Tinayamba ntchito. Afulu anali bwino, kupatula mmodzi yemwe anamupeza ndi nkhupakupa. Nsato inali itanenepa. Mtchona ndinamugwira ndine monga mwa nthawi zonse, mlomo ndaupanira m'khwapa, dokotala n'kumamupapasa pa chidale. Anati ali ndi thanzi labwino, ndipo kwa nthawi yoyamba anandiyamikira kuti ndimadziwa kusamala. Anaimako pang'ono pa khola la nkhanga chifukwa imodzi inali itadzipatula, n'kundifunsanso ngati ndikunenetsa kuti sizinakumane ndi nkhuku iliyonse. Ndinanenetsa. Iye anatola zitosi zake, n'kundiuza kuti ndiziiyang'anira ndipo ndimuimbire foni ikasintha.

Tsiku lonselo tambala uja sanalire. Makutu anga anali kuseri kwa kachipinda kaja, koma kunali zii. Dokotala atakwera galimoto ndinapumira m'mwamba, n'kuthokoza Mulungu kuti wandipatsa tambala waulemu. Ndinapita kukamuona ndi madeya ambiri ngati mphoto. Ndinamupeza atakhala chogwetsa mapiko ngati wavala jekete, maso ali otseka, kukamwa kukutuluka dovu, pansi pali zitosi zobiriwira. Ine ndinakulira kumudzi, chitopa ndimachidziwa. Sikuti anakhala chete chifukwa cha ulemu. Anali akufa.

Galimoto ya dokotala inali isanafike patali. Nambala yake ndinali nayo, foni inali m'thumba. Ndinaitulutsa, ndinaiyang'ana, n'kuibwezera. Manyazi anandigwira kuti ndikanena bwanji kwa munthu amene wangondiyamikira kumene. Mawa lake tambala anafa, ndinamukwirira kuseri kwa nyumba, n'kudzinamiza kuti nkhani yathera pomwepo. Akulu anati bisani matenda, maliro tidzamva.

Inayamba ndi nkhanga ija. Kenako zinzake. Ndinkati ndikatsegula khola m'mawa n'kupeza zina zili gone, zina zikuzungulira malo amodzi makosi atapindika. Nkhwali zinatha. Pikoko wamkulu, amene ana a sukulu ankakonda kujambulitsa naye, anagwa kuchokera pa mtanda n'kumakwawa mchira wake wonse uli m'matope a pomwera madzi. Apa m'pamene ndinathamangira kwa abwana, iwo n'kuimbira dokotala.

Anabweranso tsiku lomwelo. Sanachedwe kuona chimene chinali kuchitika. Anandiitanira pambali n'kundifunsa mofatsa kuti, "Bambo, tandiuzeni zoona tsopano. Munalowa chiyani muno?" Ndinaulula zonse, kuyambira ku Kandeu mpaka pa dzenje la kuseri kwa nyumba. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, mwina zikanandipepukira. Iye anangoti ndikanamuuza tsiku lija, akanachotsa tambalayo, kupopera mankhwala ponseponse ndi kupatula mbalame zomwe zinali zisanakhudzidwe. Sanalonjeze kuti zonse zikanapulumuka, koma anati Mtchona, poti khola lake linali patali ndi enawo, akanakhala ndi mwayi waukulu.

Mtchona anadwala pomalizira. Kulira kwake kwa m'mawa, kuja kumamveka ngati ng'oma yakutali, kunasiya. Ndikamupatsa chiwala ankachigwira n'kuchigwetsa. Kenako khosi linayamba kupindikira kumbuyo, akafuna kuyenda n'kumagwa chammbali. Dokotala anayesetsa. Anamumwetsa madzi a mankhwala kudzera m'kapaipi, tinamufunditsa, tinamuika pa mthunzi, koma chitopa chilibe mankhwala ochiza. Tsiku lina masana anandiuza kuti mbalameyi ikungozunzika, ndipo chomwe chatsala n'kuibaya jakisoni woti igone osadzukanso.

Ngakhale anali wofooka choncho, dokotala atayandikira anayesabe kumujompha. Panalibe wina woti amugwire koma ine. Ndinagwada pakhomo la khola n'kumuitana monga ndinkachitira masiku onse. Anadzikoka, kugwa, kudzukanso, mpaka anafika pa maondo panga n'kutsamiritsa mutu pa dzanja langa. Sanalimbane nane ngakhale pang'ono. Ndinamutambasula phiko ndekha kuti singano ilowe. Ine ndine bambo wamkulu, wa imvi, koma ndinalira pamaso pa alonda ndi anyamata a kukhitchini, ndipo sindinachite nazo manyazi.

Mbalame zonse zakufa tinaziwotcha m'dzenje limodzi. Malo athu anatsekedwa kwa kanthawi, makola anapoperedwa mankhwala, ndipo jombo zanga zija anaziwotcha pamodzi ndi dengu. Abwana sanandichotse ntchito, kaya n'chifundo kaya n'chifukwa palibe wina wolimba mtima kugwira nsato. Koma anandiuza kuti akadzabweretsanso mbalame, ine ndisadzayandikireko. Sindinatsutse. Lero ndimasamalira afulu ndi ng'azi, ndipo ndikamadutsa pa khola la Mtchona ndimafulumiza miyendo. Achemwali sindinawauzepo mawu oipa, chifukwa iwo sankadziwa za lamulo la kuntchito kwanga. Amene ankalidziwa ndine.

Inu owerenga, makamaka inu amene mumasunga ziweto kapena kusamalira nyama za eni, ndikukupemphani ndi mtima wonse. Kumudzi kukagwa chitopa, musathawitse nkhuku kupita nazo kwina, ngakhale ikhale ya pa chinkhoswe, ya pa chikumbutso, kapena yopatsidwa ndi apongozi. Mwambo ndi wabwino ndipo ine sindikuunyoza, koma mukhoza kulandira nkhuku mwaulemu n'kuisiya komweko, kapena kufotokozera abale anu chifukwa chake simungaitenge. Kukhumudwa kwa m'bale kumatha, mumadzaseka limodzi pa ukwati.

Ndipo dokotala wa zinyama akabwera kudzayeza, musamutenge ngati wapolisi wodzakugwirani. Nyama siziyankhula. Fulu sanganene kuti wadya chiyani, mbalame singanene kuti yakumana ndi yani. Pakamwa pawo ndi inuyo. Dokotala angakhale ndi sikelo, timabotolo ndi maphunziro onse, koma inu mukamunamiza ndiye kuti mwamumanga m'maso. Mukalakwitsa nenani tsiku lomwelo, nkhope igwe pansi koma chiweto chikhale moyo. Ine ndinateteza nkhope yanga kwa masiku ochepa chabe, ndipo amene anafera nkhopeyo ndi nang'omba amene sanandikayikirepo mpaka kupuma kwake komaliza.