Dzina Lomwe Alamu Anga Anakana Kutchula

Abambo mfumu andipempha kuti ndilembe za moyo wa alamu anga, poti tinagwira ntchito limodzi zaka makumi atatu. Asankha munthu wolakwika, komabe ndilemba.

Alamu anali oyamba kubadwa m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Mayi awo atamwalira anasiya sukulu n'kuyamba kulera abale awo, ndipo Lamulungu lililonse ankafika nawo kutchalitchi onse atasamba. Atakwatiwa ndi achimwene anga, ndine ndinawapezera ntchito kuchipinda chochapira zovala pachipatala. Ndine ndinawaphunzitsa kupinda nsalu za pabedi ndi kusita malaya oyera a madokotala. Patatha zaka zisanu ndi ziwiri, ukapitawo unandidumpha ine n'kugwera iwo. Ndinawaombera m'manja mtima ukundiwawa.

Ukapitawo wawo unkandinyansa. Pogawa ntchito, iwo ankadzipatsa beseni la zovala za odwala m'mimba, lomwe tonse tinkalithawa. Munthu akachedwa sankamukalipira pagulu. Ankamutengera kuseri kwa zingwe zoyanikira n'kumufunsa kuti, "Kunyumba kwagwanji?" Ankakonda kunena kuti, "Pansalu iyi pagona mwana wa munthu, chapani ngati pagona wanu." Anzathu ankawakonda, ine n'kumati ndi zachiphamaso basi.

Tsiku lina m'mawa ndinaponya bulangeti lofiira m'makina momwe munali malaya a madokotala onse. Ndinachita dala kuti mlandu ugwere akapitawo, ndikuganiza kuti palibe wandiona. Malaya anatuluka ofiirira, ndipo mkulu wa chipatala anabwera yekha. Ananeneratu kuti wolakwayo achotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Apa n'kuti ine ndili ndi ana anayi, bambo wawo atamwalira.

"Wachita izi ndani?" anafunsa mkuluyo.

"Ndikumudziwa, bwana," anayankha alamu. "Bodza sindinena, koma dzina lake sinditchula. Chipinda chino munachipereka m'manja mwanga. Langani ine."

Anawatsitsa paudindo, ukapitawo n'kundipatsa ine poti ndinali mkhalakale. Zaka zambiri ndinkawalamula, iwo n'kumangoti, "Chabwino, alamu." Koma antchito akakhala ndi vuto ankathamangira kwa iwo, ndipo ankawaitanabe kuti Akapitawo ine ndili pomwepo, makiyi ali m'chiuno. Nsanje yanga m'malo mochepa inangokulirakulira.

Atapuma pantchito ankayendera odwala ndi kuchapa nsalu za paguwa, mpaka manja awo atayamba kunjenjemera. Mwezi watha anagonekedwa m'chipatala chomwecho. Ndinapita kukawaona masana, ndipo achimwene atatuluka kukatunga madzi ndinasendera pafupi.

"Alamu, bulangeti lija ndinaponya ndine."

"Ndinakuonani," anatero. "Musaganize kuti zinali zophweka. Zaka ziwiri zathunthu ndinkalephera kukutchulani m'pemphero. Chachitatu m'pamene Ambuye anandithandiza."

"Nanga bwanji simunandinene?"

"Ana anu akanadya chiyani? Kapitawo wotaya munthu wake kuti asunge mpando, ameneyo ndi kapitawo wa chiyani?"

Anamwalira Lachinayi m'mawa atalandira sakramenti la odwala, ali phee ngati munthu wogona. Ngakhale imfa yawoyi ndikuichitira nsanje, chifukwa ine sindikudziwa ngati ndidzapita choncho.

Achimwene, zaka zonsezi mwakhala mukutukwana munthu amene anachititsa kuti akazi anu atsitsidwe paudindo. Kangapo mwamutukwana ine nditagwada, ndikukuthirirani madzi osamba m'manja. Akazi anu apita osakuuzani. Munthuyo ndine, mlongo wanu.