Mayi Sikelo ndi mwana wa wosoka nsapato

Abambo mfumu andipempha kuti ndilembe za alamu anga m'kalata ya parishi, ati ndisapitirire tsamba limodzi. Ndavomera msanga, chifukwa eniakewo sankakonda zokuluwika.

Ambiri munkawadziwa ndi dzina loti Mayi Sikelo. Anali oyamba kubadwa m'banja la ana asanu ndi awiri. Ali ndi zaka khumi ndi zitatu, bambo awo anafa ziwalo mbali imodzi, sukulu n'kuthera pomwepo. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankawasambitsa, kuwatembenuza, ndi kuwayendetsa pakhonde uku akuwaimbira nyimbo za kutchalitchi kuti mwendo wodwalawo uzitsata. Atakwatiwa ndi achimwene anga anapeza ntchito yokolopa pachipatala. Misa ya m'mawa kaye, chidebe pambuyo.

Chipatalacho chitatsegula chipinda chofufuziramo za ukalamba, anawasamutsira kumeneko. Munali sikelo, benchi, ndi kanjira kolembedwa ndi penti pansi. Nkhalamba ikafika, iwo ankaiyeza kulemera, kenako ofufuza ankaiwerengera masekondi ikamayenda pakanjirako. Anakhala m'menemo zaka makumi atatu.

Chaka chilichonse kunkabwera ofufuza atsopano. Ana a madokotala ankalowa ngati kwawo. Alamu ankasaka enawo: ana a alonda, ana a amayi ogulitsa pamsika, amene ankadyera nkhomaliro kuseri kwa thanki yamadzi. Ankawakokera mkati. “Mwanawe, digiriyo unachita kuba? Nanga ukuyenderanji m'mbali mwa khoma?” Mayina awo ankawalemba kuchikuto kwa buku la mapemphero. Amene sankapemphera ankawalembanso, osawauza.

Mmodzi mwa iwo anali mtsikana, mwana wa wosoka nsapato, woyamba kwawo kufika kuyunivesite. Ankayerekeza nkhalamba za pafupi ndi chipatala ndi za kumapeto kwa tauni, kumene basi sifika. Za kutalizo zinkaoneka zofooka kwambiri, koma manambala ake ankasinthasintha mosamveka. Mkulu wa kafukufuku anamuuza kuti akapanda kulongosola pofika kutha kwa chaka, malo ake apatsa wina.

Alamu anamupeza akulira m'chipinda chosungiramo zikolopa.

“Pukuta mphuno. Agogo a jekete lofiira aja afika bwanji lero?”

“Sindikudziwa, amayi.”

“Wapansi, maola awiri, m'mimba mulibe kanthu. Akangolowa pakhomo iwe wagwira kale wotchi. Anzawo atsika galimoto pakhomo pomwepo. Ukuyeza ukalamba kapena ukuyeza msewu?”

Mtsikana uja anakhala pachidebe. Kuyeza munthu akangofika inali njira imene anakhazikitsa mkulu yemwe uja, ndipo kuisintha kunatanthauza kubwereza ntchito ya miyezi isanu ndi itatu. “Ine ndikawauze bwana kuti analakwitsa? Amayi, andidya wamoyo.”

“Inenso ndinawauzapo kale, anati zikomo n'kundipatsa makapu kuti nditsuke. Iwe uli ndi manambala. Akumvera.”

Sabata yonse, nthawi ya nkhomaliro, alamu ankavala magalasi anga owerengera, kukhala pa katoni, n'kukhala bwana. Mtsikana akagogoda n'kuyamba ndi “Pepani bwana,” iwo amvekere, “Wapepesa chiyani? Wandiponda? Tuluka, ugogodenso.” Tsiku lina anagogoda kakhumi. Ine ndinalipo, ndinabwera kudzatenga magalasi anga, ndipo ndinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Lolemba lake analowa kwa bwana weniweni. Alamu anaima pakhomo ndi kolona m'thumba, khutu kuchitseko, tisanamizane. Bwanayo anakwiya, kenako anayang'ana mapepala nthawi yaitali, n'kulola kuti ayese. Kuyambira pamenepo nkhalamba iliyonse inkayamba yapuma ola lathunthu pabenchi, kumwa madzi ndi kudya kachakudya. Atayezanso, ambiri a kutali aja anayenda mwachangu ngati anzawo. Chimene chinatsala chosiyana chinali kuthamanga kwa magazi, chifukwa mankhwala ankawathera ndipo mtunda unkawalepheretsa kudzatenga ena. Lero mankhwalawo amawapititsira komweko. Mtsikanayo sanachotsedwe. Ndiye akutsogolera chipindacho tsopano, ndipo ali ndi ophunzira ake asanu ndi anayi.

Mavuto alamu anawaona. Anaika m'manda achimwene anga ndi mwana wawo wachiwiri chaka chimodzi. Sindinawamve akufunsa Mulungu chifukwa chake. Ankangoti, “Mlamu, tiye ku Misa, tikalirire komweko, kuli mipando.”

Atapuma ntchito anakalembetsa okha kuti aziyezedwa, ndipo ankakangana ndi wogwira wotchi kuti wawabera sekondi. Mwezi watha mtima unayamba kufooka. Analandira masakramenti Lachisanu. Loweruka m'mawa mtsikana wathu uja, amene pano ndi dokotala, anabwera ndi ophunzira ake onse, anadzaza chipinda, ena kukhala pawindo. Alamu anawafunsa mmodzimmodzi kuti kwanu n'kuti, amayi ako amagwira ntchito yanji. Atamaliza anati, “Basi, mwakwana. Imbani.” Anatsikira kuli chete nyimbo isanathe. Mzimu wawo uuse mumtendere.

Ena mwandifunsa za nkhata za maluwa. Zisiyeni. Chipinda chofufuziramo chija chikufuna nkhalamba makumi awiri Lachiwiri likubwerali, ndipo m'parishi muno tilipo ochuluka, ngakhale ena mumadetsa imvi. Ine ndalembetsa kale. Bwerani tione amene andipose liwiro.