Chizungulire cha Amayi Chaka cha Mpunga

Ndikukumbukira chaka chimene amayi anga anaonda. Ndinali mu sitandade 4 kwathu kwa Malenga Chanzi, ndipo m'nyumba mwathu ine ndinali mzime. Achimwene anga, kuyambira a Yusufu oyamba kubadwa, anali atakula, ena atapita kukadula nzimbe ku Dwangwa, ena ali kusekondale. Ntchito zonse za mwana wamng'ono zinatsalira ine: kukapempha moto, kutungira alendo madzi, kuingitsa nkhuku pa mpunga woyanika. Palibe chimene ndinkalakalaka kuposa mng'ono wanga woti nanenso ndizimutuma.

Amayi anali munthu wathupi. Akakhala pamkeka, malo otsala ankandikwana ine ndekha. Manja awo anali ofewa ngati mandasi amene ankakazinga pakhonde m'mawa uliwonse, ndipo akamaseka, mapewa ndi zibangiri zinkagwedezeka pamodzi. Kwathu thupi lotero linali ulemu. Akamadutsa pamsika anthu ankati ababa amadziwa kusunga mkazi, ndipo ababa akamva mawu amenewo ankayenda chifuwa chili patsogolo.

Kenaka mutu unayamba kuwavuta, makamaka kunkhongo. Atapita kuchipatala cha paboma anabwerako ndi liwu latsopano m'nyumba mwathu: bipi. Anawauza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri. Anawapatsa timapiritsi toyera toti azimwa m'mawa uliwonse, n'kuwalangiza kuti achepetse mchere, mafuta ndi shuga. Amayi anali munthu womvera. Mchere unachoka mumphika n'kukakhala m'kambale kapambali. Chambo chimene tinazolowera kudya chokazinga chinayamba kubwera chophika ndi tomato yekha. Mandasi anasiyiratu, chifukwa, monga ankanenera okha, munthu sangakazinge mandasi kukamwa atatseka.

Atasiya mandasi anatenga munda wa mpunga umene tinali nawo kudambo, pafupi ndi mtsinje wa Bua. Ababa anali telala, makina sankawalola kuchoka pakhonde la sitolo, choncho zaka zonse munda uja unkalimidwa mbali imodzi, kwinako kukumera udzu. Chaka chimenecho amayi anaulima wonse. Ankanyamuka akangomaliza swala, pemphero la m'bandakucha, kuyenda mtunda wautali, tsiku lonse miyendo ili m'matope, kuwokera, kuzulira udzu. Mapiritsi sankaphonya. Akatsala pang'ono kutha ankatuma ababa kukatenga ena paboma, chifukwa iwo analibe nthawi yokaima pamzere mpunga ukudikira.

Pamene mpunga unkatulutsa ngala, amayi anali atasanduka munthu wina. Chitenje chimene kale chinkangokumana movutikira chinayamba kuzungulira n'kutsalako. Ababa anabweza madiresi awo onse pamakina kuti awakwane. Khosi, limene sindinkadziwa kuti amayi ali nalo, linaonekera. Eni ake ankati akumva kupepukidwa, mawondo asiya kulira, ndipo panjira ya kumunda ankandisiya m'mbuyo ine mwana.

Mutu unatha, koma m'malo mwake munabwera chizungulire. Akamadzuka pamkeka woswalira ankagwira khoma, maso atatsinzina, n'kuima choncho kwa kanthawi. Akawerama kusonkheza moto n'kuweramuka, ankati m'maso mwada bii. Tsiku lina anangokhala pansi pakati pa bwalo, lichero la mpunga n'kutayika, nkhuku n'kuchita phwando.

Zaka zimenezo kuonda sikunali nkhani yoseketsa. Maliro anali ochuluka, ndipo munthu akaonda msanga anthu ankatsitsa mawu iye akamadutsa. Ndinkaona amayi ena pamjigo akudula nkhani ine ndikafika. Sindinkamvetsa kwenikweni, koma amayi ankamvetsa. Ndikaganiza lero, ndimaona kuti n'chifukwa chake kuchipatala sankafunako. Ankaopa zimene akanakauzidwa.

Amene anatembenuza nkhaniyo anali azakhali anga a Hawa, alongo awo a ababa, amene ankakhala ku Dwangwa. Anali atabereka ana ambiri, moti pa nkhani za amayi ankadziona kuti palibe wowaposa. Atabwera kudzacheza anawayang'ana amayi kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuyamba mafunso. Ine ndinali kuseri kwa khitchini ndikusenda chinangwa, makutu ali komweko.

"Alamu, chizungulirechi chimakupezani m'mawa?"

"M'mawa makamaka."

"Nanga kukataya madzi mukupita pafupipafupi?"

"Kumeneko ndiye osanena."

"Mwezi mukuuona?"

Amayi anatsitsa mawu n'kunena kuti papita nthawi osauona. Ine ndinadabwa, chifukwa dzulo lake lomwelo tinali titauona tonse uli pamwamba pa mtengo wa mango. Azakhali anawomba m'manja kamodzi.

"Alhamdulillah. Alamu, inu muli ndi pakati. Ena amanenepa, ena amayamba ndi kuonda. Ine wachitatu wanga anandiondetsa chimodzimodzi."

Amayi anakana, anati msinkhu umenewo anaupitirira kalekale. Koma anaseka atagwira pakamwa, kuseka kumene tinali titakhala nthawi osakumva. Pakati pa zimene ankanong'ona apamjigo ndi zimene ananena azakhali, ndani sakanasankha za azakhali?

Ababa anauzidwa madzulo omwewo. Mawa lake, tsiku wamba lapakati pa sabata, anapita kuntchito kumutu atavala kofia yawo yoyera ya pa Idi. Anayamba kubwera kunyumba ndi tinthu: lero malalanje, mawa chiwindi, mkuja nsomba yonona ya mpasa ataipachika pa handulo ya njinga. Odutsa pasitolo ankati atelala ayamba kuimba akamapalasa makina.

Wosangalala kuposa onse ndinali ine. Ndinkatola tizidutswa tansalu pansi pa makina a ababa, mpaka ndinasoka kachipewa kopindika kamitundumitundu. Ndinkayeserera kubereka mwana ndi dzungu, kulimanga kumbuyo ndi chitenje n'kumaliguguza ndikusesa. Dzina ndinali nditasankha kale, Rashidi, ndipo ntchito zoti ndidzamusiyire ndinali nditazigawa: nkhuku zake, moto wake, ine n'kutsala ndi madzi a alendo okha.

Sukulu itatsekera ndinayamba kupita ndi amayi kumunda kukaingitsa mbalame. Amene sananunkhizepo mpunga wa kilombero ukucha m'dambo sangamve zimene ndikunena. Fungo lake limakulandira uli kutali, losakanikirana ndi la matope otentha ndi utsi wa timisasa ta olondera. Tinali titamanga zitini pachingwe kuchokera mbali ina ya munda kukafika ina. Mpheta zikatera ndinkakoka chingwe, zitini n'kulira, gulu lonse n'kuuluka ngati utsi kukatera m'munda wa a Mhone, bambo wa Chitonga amene tinayandikana naye minda. Nawonso ankakoka chawo n'kutibwezera. Tinkangopatsirana mbalame choncho tsiku lonse, popanda wokwiyira mnzake.

Tsiku limenelo dzuwa linali loswa mtengo. Nthawi ya swala yamasana itakwana, amayi anatsikira kumtsinje kukasamba m'manja ndi kumaso. Aliyense kwathu amadziwa kuti m'mphepete mwa Bua sachedwamo, mumakhala ng'ona. Umatunga n'kubwerera. Ndinawaona atanyonyomala pamchenga wonyowa, akutapa madzi ndi manja. Kenaka anaimirira msanga, monga amachitira munthu wodziwa kuti pamalopo si pabwino. Dzanja lawo linatambasuka kufuna khoma, koma khoma panalibe. Anagwa cham'mbali, thupi kuyambira m'chiuno kupita kumtunda lili m'madzi, mpango ukuyandama.

Mmene ndinathamangira sindikudziwa. Ndimangokumbukira kuzizira kwa madzi m'miyendo, kuterera kwa mkono wawo, ndi mawu anga akuitana a Mhone. Ndinakoka, mapazi akulowa m'matope, maso ndikuponya pabango lililonse logwedezeka. Akanakhala amayi a chaka cham'mbuyocho sindikanawasuntha n'komwe. Koma awa anasuntha, pang'onopang'ono, mpaka mutu unatuluka n'kufika pamchenga. A Mhone anafika akupuma mwawefuwefu, anawanyamula n'kukawagoneka pamthunzi. Amayi anatsokomola, anatsegula maso, ndipo funso lawo loyamba linali lakuti mbalame tazisiyira ndani.

"Ama, mbalame zidye," anatero a Mhone. "Inu mukwere njinga yangayi."

Ababa atamva nkhaniyo anayang'ana matope amene anali ataumira m'miyendo mwanga.

"Amake Yusufu, mawa tikupita paboma. Za alongo anga tazimva, tsopano tikamve za eni ake."

Ine ndinakakamira kupita nawo, chifukwa nkhani ya Rashidi inkandikhudza kuposa wina aliyense.

Kuchipatala tinakhala pabenchi mpaka matako kuwawa. Anesi anawakweza amayi pasikelo, anayang'ana zimene zinalembedwa ulendo woyamba uja, n'kuwakwezanso kachiwiri poganiza kuti sikelo yanama. Adokotala anali mnyamata wamagalasi, waulemu. Anawamanga amayi chinsalu chakuda pamkono n'kumafinya kampira m'manja, poyamba atagona, kenaka ataimirira. Anafunsa kuti anayezedwa liti komaliza. Amayi anayang'ana pansi. Ababa anakonza kukhosi n'kuvomera kuti mapiritsi amadzatenga ndi iwo. Atakambirana pang'ono, makolo anga onse awiri analola kuti awatengenso magazi, aja ankawaopa aja. Zotsatira zitabwera zabwino, ndinaona mapewa a amayi akutsika ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

"Mayi, mapiritsi awa tinakupatsani muli ndi thupi lija," anatero adokotala. "Pano thupi lachepa, mchere mwachepetsa, mukugwira ntchito padzuwa n'kumatuluka thukuta. Magazi asiya okha kuthamanga kwambiri, koma mankhwala akuwatsitsabe ndi mphamvu yakale. Mukaimirira msanga magazi amachedwa kufika kumutu, m'maso n'kuda."

Ababa anagwedeza mutu. "Ndiye kuti madiresi ndinabweza, koma mankhwala sitinabweze."

Adokotala anaseka n'kuvomera kuti ndi momwemo. Anachepetsa mlingo wa mankhwala. Anawachenjeza amayi kuti asawasiye mwa okha, azidzuka pang'onopang'ono, azimwa madzi okwanira kumunda, ndipo azibwera eni ake kudzayezedwa, osatuma atelala. Ndinaona kuti akutseka nkhani chachikulu asananene, ndiye ndinafunsa ndekha.

"Nanga mwana?"

"Mwana wake uti?"

Ababa anayamba kuwerenga malata a kudenga. Anesi anawatengera amayi kuseri kwa katani, ndipo patapita kanthawi anatuluka onse awiri akuseka mpaka misozi. Za mwezi zija, thupi la amayi linali litangofika msinkhu wopuma. Za kutaya madzi pafupipafupi inali ntchito ya mapiritsi omwewo.

Ndinalira njira yonse m'minibasi. Ababa anavula kofia ija mwakachetechete n'kuipinda m'thumba, kenaka anandigulira chimanga chootcha pazenera. Amayi anandikokera pachifuwa pawo, pamene tsopano pankamveka mafupa.

"Tonthola, Zainabu. Mzime ndiwe basi, mpaka udzamere imvi."

Sipanapite nthawi yaitali, chizungulire chinatha. Tinakolola mpunga wodzaza chipinda cha achimwene, ndipo a Mhone tinawapatsira thumba lawo. Amayi apamjigo aja anayamba kufunsa amayi kuti amadya chiyani kuti aziyenda ngati mtsikana. Azakhali a Hawa atamva anangoti madokotala a masiku ano ndi ana, koma nkhaniyo sanaiyambenso. Dzungu lija tinaphika.

Lero ndine mphunzitsi ku Salima, ndipo zinthu zasintha. Kamakina koyezera bipi kamene tinkakhalira pabenchi tsiku lonse, ine ndili nako m'kabati, kamabatire, kongodina. Anzanga akuntchito amadzuka m'mamawa kukathamanga kuti achepetse thupi, ndipo ukamuuza munthu kuti waonda amathokoza. Palibe amene amatsitsa mawu. Amayi akadali moyo, akumwabe mapiritsi awo, ndipo akamva kuti wina watuma mwana kukamutengera mankhwala, amamupitira kunyumba kwake kukamukalipira.

Nditangokwatiwa kumene ndinapita kumudzi kukacheza, ndipo m'mawa wina ndikudzuka pamkeka dziko linazungulira. Azakhali a Hawa, atakalamba, ndodo ili pambali, anali pakhonde pomwepo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinaona kuti mafunso afika kale pakamwa, koma anawameza.

"Ine zolosera ndinasiya, mwana wa achimwene. Pita akakuyeze bipi."

Ndinapita. Bipi inali bwinobwino. Ulendo umenewo azakhali akanalosera, akanalondola.